Mbale Imene Inakumba Manda a Atate

Chipata
9 Epulo 1997

Wokondedwa mlongo wanga Wilbroad,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko ku Kitwe pamodzi ndi mlamu Rabecca ndi ana. Kaya chifuwa cha Chipo chinatha? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikadali yotupa, koma ayamba kufika kudimba. Mlongo wako Olipa mimba yakula, masiku ake ayandikira. Ine ndinabwerera ku ntchito yanga ku ofesi ya kaundula.

Moni wathera pamenepa. Zotsatirazi uziwerenge uli wekha, utakhala pansi.

Mawu ako anafika kumudzi ku Kasenengwa kudzera mwa a Jonah, mng'ono wa Atate. Anawanena pabwalo, anthu akumva, kuti iwe monga mwini mbumba walamula kuti Paison, mwamuna wa Olipa, achoke pamudzi pathu chimanga chisanalowe m'nkhokwe. Milandu yake akuti ndi iwiri. Woyamba, anakwirira Atate m'tchire ngati galu, eni maliro asanaone nkhope. Wachiwiri, anagwira thupi la apongozi ake, Amayi, n'kuwabereka kumsana iye ali wosavala malaya.

Ntchito yanga ndi kulemba zinthu monga zinachitikira, osati monga munthu angakondere kuzimva. Iwe waweruza mlandu wa pamadzi uli pampando wouma. Tsono umve kwa ine amene ndinanyowa.

Atate atamwalira kuchipatala, mvula ili pachimake, Amayi anafuna kuti aikidwe kumanda a tchalitchi chathu, kumene anaimba kwaya kuyambira tisanabadwe. Iwe unaimba foni ku ofesi kwanga kuti tidikire, ukubwera. Tinadikira. Thupi la munthu silidikira, koma ife tinadikira. Kenaka m'malo mwa iwe kunabwera telegalamu, yonena kuti kumgodi sanakupatse tchuthi, koma Atate, a Andireya, aikidwe kwawo kutsidya la mtsinje wa Lupande, kuti abale awo asatinene. Za tchuthi sindikutsutsa, ndikudziwa kuti kumeneko anthu akuchotsedwa ntchito. Koma munthu amene walephera kufika pamaliro sasankha njira ya bokosi.

Lole inatisiya pamtsinje. Powolokera panali patamira, madzi ali ofiira, akukokolola mitengo ndi mizu yomwe. A Jonah anapeza boti lamalata la asodzi. Mwini wake anati lingatenge bokosi ndi anthu anayi, enawo adikire ulendo wachiwiri. Mkazi wamasiye sasiyana ndi bokosi, choncho Amayi analowa. Ine ndinalowa kuti ndiwagwirize. Panafunika mwamuna wogwira bokosi. A Jonah, mwini maliro, anayang'ana madzi, n'kuyang'ana nsapato zawo, n'kunena kuti ntchito imeneyo ndi ya mkamwini. Paison analowa. Olipa anakana kutsala pamene mwamuna wake akupita. Katekisiti, kwaya ndi abale onse a Atate anatsala pagombe.

Pakati pa mtsinje chimtengo chinatigunda. Mwini boti anagwera m'madzi, ndipo Mulungu anamuthandiza kugwira bango kutsidya. Ife tinazungulira ngati chikho, tinapitirira pokhota pamene anthu sanationenso, mpaka boti linakatsakamira pa kachilumba ka mchenga, pansi pake patang'ambika. Bokosi tinalikoka ine ndi Paison.

Pachilumbapo panali bango ndi mchenga, ndipo chakumapeto, kutsidya kwa kamfuleni, kunali chulu chokhala ndi mtengo wa mthethe. Chuma chathu chinali nkhafi yothyoka ndi dengu la Amayi, momwe munali mtedza, ufa umene unasanduka phala, ndi mbale ya Atate. Ukuidziwa, yachitsulo yoyera ija, ya mkombero wabuluu, imene tinkakwapulidwa tikaigwira. Amayi anaitenga kuti akaiboole n'kuisiya pamanda monga mwa mwambo.

Ukunena za ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi. Ndikuuze mmene unasungidwira. Pamchenga wosakwana bwalo la nyumba yako, Amayi anakhala atafulatira Paison, Paison atafulatira Amayi. Amayi akafuna madzi ankauza Olipa kuti auze mwamuna wake. Paison ankayankha kwa Olipa, ngakhale mawu ake ankafika m'makutu mwa Amayi asanafike kwa Olipayo. Pogawana mtedza, iye ankatenga wake n'kukadyera m'bango, madzi ali m'maondo, kumene kuli ng'ona, kuti apongozi asamuone akutafuna. Ndinamudzudzula kuti adzafera manyazi. Anati kuli bwino ng'ona imuone mano kusiyana ndi apongozi.

Dzuwa linatuluka, linalowa, linatulukanso, wotifuna osaoneka. Njala ndi mantha zinatsegula pakamwa pathu. Olipa ananditcha mayi wa mapepala, wosadziwa kulira, amene anafika pamaliro a atate ake ndi chikwatu m'khwapa. Ine ndinamuuza kuti akanatsala pagombe monga anauzidwira, tikanakhala ndi pakamwa pamodzi pochepa. Amayi anati tonse awiri ndife nkhuku zojomphana pa mtembo, ndipo mwana wawo wanzeru ndi mmodzi yekha, Wilbroad. Inde, ankakutamabe, milomo ili yong'ambika. Dzina lako linatchulidwa pachilumba chija koposa la Mulungu. Anati Wilbroad akamva atumiza boti la injini. Tinaliyembekeza boti lako.

Kenaka madzi anayamba kudya mchenga umene tinakhalapo. Kunali koyenera kuwoloka kamfuleni kupita kuchulu. Madzi ake anali a m'chifuwa, ndipo miyendo ya Amayi inali itakana. Ndinayesa kuwabereka ine, tinagwa tonse awiri, iwo anamwa madzi. Olipa ndi mimba yake sakanatha. Amayi anati tiwasiye, aliko bwino kutsagana ndi amuna awo kusiyana n'kukhudzidwa ndi mkamwini.

Malaya a Paison anali pamutu pa Olipa, amene dzuwa linkamuchititsa chizungulire. Ndiwo umaliseche umene a Jonah akuufalitsa. Paison anagwada atafulatira, n'kuuza Olipa kuti auze apongozi kuti mkamwini wawo watsala ku Kasenengwa, pano pagwada bulu, ndipo bulu alibe apongozi. Amayi anaseka koyamba chimwalirire Atate. Anauza Olipa kuti auze buluyo asapunthwe. Paison anawawolotsa atatsinzina, ine ndikumuuza poponda. Atatero anabwerera kukatenga Olipa, n'kubwereranso kukakankha bokosi pamadzi.

Umenewo ndiwo mlandu wachiwiri. Ukanakonda chiyani, mlongo wanga? Kuti telegalamu yotsatira ikuuze kuti maliro ndi awiri, koma mwambo uli bwino?

Tsopano za mlandu woyamba. Sindikufuna kukulembera izi, koma wandikakamiza. Bokosi linali litamwa madzi ndipo dzuwa linaliotcha. Matabwa anayamba kutseguka. Ntchentche zinabwera zobiriwira, zochuluka kotero kuti tinkadya mtedza titafunda chitenje kumutu. Olipa ankasanza ngakhale madzi. Ng'ona inatulukira m'munsi mwa chulu n'kugona poyera, mphuno italoza kwa Atate. Tikaigenda inkangomira n'kutulukiranso pafupi. Nkhope imene abale akuti anamanidwa kuiona, ine ndinaiona pamng'alu wa thabwa. Uthokoze kuti iwe udzakumbukira ina.

Ngakhale zinali choncho, amene anaumirira kuti tisaike maliro ndine, chifukwa cha lamulo lako, ndiponso chifukwa chikalata cha boma chololeza kuika maliro chinatchula mudzi wa kutsidya. Olipa anati nditsike ndikaionetse ng'onayo chikalatacho, mwina inapita kusukulu. Paison nayenso anakana. Anauza Olipa kuti iye ndi wobwera, sangakwirire munthu wa eni, eni akewo palibe, adzamunena mpaka imfa. Anadziwiratu zimene iwe ukuchita lero.

Pamenepo Amayi anatembenuka. Sanadzere mwa Olipa. Anamuyang'ana Paison m'maso, n'kumutchula dzina, chinthu chimene sanachitepo chilowere iye m'banja mwathu. Anati mwini maliro ndi amene wagona pafupi ndi fungo lake, ndipo iwo sadzalola kuti mwamuna amene anawafunditsa zaka zonsezi alowe m'mimba mwa ng'ona iwo akuona. Anatulutsa mbale ija m'dengu n'kumupatsa m'manja. Anati, mwana wanga, kumba.

Dothi la chulu ukulidziwa, limathyola khasu. Iye analibe khasu. Anagumula ndi nkhafi yothyoka, n'kumakolowola ndi mbale. Zikhadabo zinazuka, zikhato zinasanduka nyama. Ine ndinkataya dothi. Pamene ndinati pakwana, iye anati apongozi ake sanali munthu wamfupi, n'kupitiriza mpaka dzenje linamufika m'khosi. Tinatsitsa bokosi ndi zitenje zathu. Mapemphero ndinatsogolera ine monga ndinawakumbukira. Nyimbo anayambitsa Olipa, ndipo mawu aakulu amene Atate ankaimba kukwaya anawaimba Paison. Mtanda anaupanga ndi zidutswa za nkhafi. Galu saikidwa choncho, Wilbroad. Amene wakuuza zimenezo abwere adzazinene pamaso panga.

Madzi ataphwera, asodzi anatipeza. Pagombe a Jonah sanafunse za miyendo ya Amayi kapena za mimba ya Olipa. Funso lawo loyamba linali lakuti bokosi lili kuti. Manja a Paison anawaona, atakulungidwa nsanza, n'kuyang'ana kumbali. Akufuna munthu wosenza manyazi awo a tsiku lija la nsapato, ndipo apeza kuti mkamwini ndiye wopepuka kumunyamulitsa. Iwenso uli ndi manyazi ako, ndipo waona kuti msana umene unabereka Amayi ungaberekenso amenewo.

Paison sakudziteteza. Chimvere mawu ako wayamba kumanga mitolo ya zinthu zake, akuti mawu a mwini mbumba satsutsidwa. Wapempha chimodzi chokha, kuti aloledwe kuona mwana akabadwa. Olipa sakudya. Chimanga chimene ukuti chisamupeze pamudzi analima ndi iyeyo, munda wa Amayi ndi wa Atate womwe, chaka chimene iwe unatumiza kalendala ya kumgodi.

Tsono umve zimene zinachitika Lamulungu lapitali. Titachoka ku Misa, Amayi anapha tambala wawo wofiira. Anayala mphasa pakhonde, poonekera msewu, nthawi imene anthu amadutsa. Anaitana Paison ndi pakamwa pawo. Ndiwo anaziika m'mbale ija, imene sanaisiye pamanda. Ndi yopindika tsopano, utoto unasupuka, siikhazikika bwino pansi. Anamulamula kuti asambe m'manja, ndipo anadya naye mbale imodzi mudzi wonse ukuona. Iye ankangotema nthongo zing'onozing'ono, atawerama. Amayi anamuuza kuti adye msanga, bulu sachita manyazi.

Atatha anandiuza kuti ndikulembere mawu awa, ndipo ndikulemba monga anawanenera. Akuti iwe anakubereka kumsana, koma Paison anabereka iwo, ndipo pa ana awiriwa sakudziwa wamkulu ndani. Akuti mkamwini angathamangitsidwe, koma mwana sachotsedwa ndi telegalamu. Akuti tsiku limene Paison adzanyamule mitolo yake, iwonso adzanyamula dengu lawo n'kumutsata kwawo, pamodzi ndi Olipa ndi chimene chili m'mimbacho. Ukuwadziwa Amayi. Dengulo alitsitsa kale patsindwi.

Zikatero udzakhala mwini mbumba wa nyumba zopanda utsi, ndi wa ine. Ndipo ine ndili ndi nyumba yanga kuno ku Chipata, sindidzakuvutitsa.

Sindinakupemphepo kanthu chiyambire, ngakhale pamene ndinkakuchapira yunifomu kuti ukaphunzire. Lero ndikupempha. Ubweze mawu ako. Uwabweze kudzera pakamwa pomwepo pa a Jonah, pabwalo lomwelo, chimanga chisanakololedwe. Usanditumizire ine uthenga wamseri, pakuti munthuyo unamunyoza poyera.

Ndamvanso kuti walonjeza abale a Atate kuti chilimwe chikafika mafupa adzafukulidwa n'kupita kwawo. Amayi akuti sakuletsa. Akuti ubwere wekha, uwoloke Lupande ndi miyendo yako, ukwere chulu chija. Khasu usatenge. Mbale adzakubwereka. Ukafika pamene Paison anafika, udzakhala ndi pakamwa ponenera za manda a Atate.

Upereke moni kwa mlamu Rabecca, ndi kwa ana onse mmodzimmodzi. Olipa sanapereke moni, ndipo sindilemba zimene sizinanenedwe. Paison wapereka, akuti ndikuuze kuti alamu asadere nkhawa, mtanda anauzika mozama. Ambuye akusunge pansi pa mgodi ndi pamwamba pomwe, akupatsenso mtima womva.

Amayi amakhala pakhonde madzulo alionse, dengu lili pambali, akuyang'ana kumsewu. Sindikudziwa ngati akudikira iwe kapena lole yowanyamula. Yankho lako ndilo lidzandiuza.

Ndine mlongo wako wamkulu,

Edita Phiri