Nyumba ya kumbuyo kwa bambo

Lachiwiri

[09:14] Kachete: madam ndayesa reverse image search ija munatiphunzitsa mu computer club. nyumba ili pachithunzi chakale cha kwathu sikutuluka paliponse

[09:15] Kachete: street view ndayenda mizinda inayi. maso akuwawa

[10:02] Madam Computer: Kachetechete wanga, sukulu unamaliza koma homework ukudzipatsa wekha kkkk. Tumiza chithunzicho ndichione

[10:04] Kachete: 📷 chithunzi

[10:05] Kachete: awa ndi bambo anga. ndi chokhachi chomwe tili nacho. anamwalira ndili ndi miyezi isanu

[10:07] Madam Computer: Mphumi ndi yako yomweyo. Ndiye ukufuna kudziwa chani kwenikweni?

[10:31] Kachete: komwe anali

[10:33] Kachete: ana a azakhali ankandinena kuti bambo ankagwira ntchito kunja, sanandione ngakhale tsiku limodzi. amayi ukawafunsa amangoyamba kupukuta tebulo loyera kale

[10:34] Kachete: pepani madam ndalemba zambiri

[10:36] Madam Computer: Zaka zinayi mkalasi mwanga sunalankhulepo zochuluka chonchi. Osapepesa. Isiye nyumbayo kaye. Ona pansi, mthunzi wa bambo ako wagwera kuti?

[10:44] Kachete: ilipo iwiri. wina kumanja wina kumanzere

[10:45] Madam Computer: Madzuwa alipo angati?

[10:52] Kachete: limodzi

[10:53] Madam Computer: Zoom pomwe msewu ukukumana ndi nsapato zawo

[11:10] Kachete: madam msewu uli ndi makwinya

[11:11] Kachete: ndi nsalu?

[11:12] Madam Computer: Nsalu ya mu studio, yopentedwa. Magetsi awiri, mithunzi iwiri

[11:13] Madam Computer: Kachete?

[13:40] Madam Computer: Uli bho?

Lachitatu

[08:20] Kachete: mwadzuka bwanji madam. dzulo ndinachita manyazi. masabata atatu ndikufunafuna nyumba yoti kulibe

[08:26] Madam Computer: Nyumba kulibe koma nsalu inalipo, ndipo inapachikidwa penapake. Ena anajambulitsapo. Crop mtambo ndi denga zokha, usake nazo. Yang'ananso ma group a zithunzi zakale pa fb

[12:47] Kachete: madam ndapeza

[12:48] Kachete: 📷 screenshot

[12:48] Kachete: akwati awa ali patsogolo pa nyumba yomweyo. mtambo womwewo wooneka ngati nsapato. pakona pali chidindo cha studio

[12:50] Kachete: ili kuseri kwa depoti, pafupi ndi okonza mawotchi. ndimadutsapo ndikatumidwa

[12:55] Madam Computer: Kunja kuja kwafupika bwanji kkk. Kumbuyo kwa chithunzi chako kwalembedwa kanthu?

[12:58] Kachete: 2417 ndi pensulo. ndinkayesa nambala ya nyumba

[12:59] Madam Computer: Ikhoza kukhala ya negative. Pita nayo

[13:20] Kachete: ndikanena chani

[13:21] Kachete: ine ngakhale chenji ya basi ndimaopa kufunsa

[13:24] Madam Computer: 🎤 uthenga wa mawu 0:48

[13:30] Kachete: ndamva. ndalemba papepala mmene mwaneneramo. ndikalephera ndikangowapatsa pepalalo

Lachisanu

[10:05] Kachete: ndadutsa pakhomo kawiri

[10:06] Madam Computer: Kachitatu ulowe, angakuyese wakuba

[10:41] Kachete: ndalowa. ojambulawo anakalamba, panopa akuyendetsa ndi mwana wawo wamkazi, amajambula za ma ID. ati ma negative ali m'makatoni a nsapato pamwamba pa kabati. akwera pampando

[11:18] Kachete: apeza. pa envelopu pali deti. ndinali ndi miyezi itatu

[11:19] Kachete: anali konkuno madam

[11:20] Madam Computer: Khala pansi kaye mwana wanga

[11:37] Kachete: palinso 2418. achemwaliwo ati bambo awo sankatsuka zithunzi zogwedezeka, ankati zimanyozetsa studio. nde ichi sichinatsukidwepo. akuchipanga scan

[12:02] Kachete: 📷 chithunzi

[12:03] Kachete: kamwana kakulirako ndi ine. ndawagwira tayi. iwo akuseka, nchifukwa chake chinagwedezeka

[12:09] Madam Computer: Ndili mu staff room ndipo ndawauza anzanga kuti misoziyi ndi ya chimfine

[12:10] Madam Computer: Moti kale unkadziwa kukuwa

[12:15] Kachete: zikomo madam. pamaso sindikanatha kunena. club ija ndinkabwera chifukwa munalibe phokoso, sindinkadziwa kuti ndikumvera. zkm kwambiri ndithu

[12:17] Madam Computer: Ine ndinangofunsa za dzuwa. Pakhomo paja walowa wekha. Uwaonetsa amayi?

[12:40] Madam Computer: Sindikukukakamiza

[16:22] Kachete: ndachiyika patebulo. amayi anabwera ndi kansalu kopukutira

[16:23] Kachete: sanapukute

[16:31] Kachete: akuti tayiyo bambo anabwereka kwa aneba ndipo ndinaisanzira tisanatuluke mu studio. akuti iwo anaima kuseri kwa kamera akuwomba m'manja kuti nditonthole

[16:32] Madam Computer: ❤️

[16:34] Kachete: ati ndikuthokozereni. akufotokozabe madam. ndikuyika foni pansi