Nambala Seveni Taichotsa Ntchito

Achimwene,

Ndikhulupirira kuzizira kwa kumeneko sikunakumalizeni. Ndi mtima wosweka ndikudziwitsani kuti nambala seveni taichotsa ntchito. Gulu lathu la lotale ku ofesi lagamula kuti ndi yaulesi.

Manambala timasankha mwasayansi. Adalaivala amabweretsa a pa galimoto zomwe zagundana, amesenjala a kumaloto. Ine wa digiri ya masamu ndinawauza kuti kuombedwa ndi mphenzi n'kwapafupi kusiyana ndi kuwina jakipoti. Adalaivala anati, "Bwana, msuweni wanga inamuomba kawiri." Kuyambira pomwepo ndimagulanso matikiti anga apambali.

Jakipoti sitinaione, koma kugawana tinayamba kale. Amesenjala akufuna theka, ati ogona movutikira kuti alote ndi iwo. Pano ndi adalaivala sakulankhulana.

Amayi akuti moni. Diso lachiwiri nalonso layamba nkhungu. M'mawa uliwonse amavala za kutchalitchi n'kufunsa ngati lero ndi tsiku la opaleshoni munatumizira ndalama ija. Ndimawauza kuti adokotala ali pa tchuthi. Chonde musawaimbire foni mpaka manambala a Loweruka atatuluka.

Ndine mng'ono wanu.