Manambala amene ndinamuwerengera pa foni

Limbe,
14 Meyi

Okondedwa achimwene a Fyson,

Mwadzuka bwanji ku Nsipeko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja wayamba kuponda pansi? Ine kuno ndilipo. Ndimadzuka, ndimapita kushopu, ndimabwerako.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba. Foni masiku ano ikalira ndimangoiyang'ana.

Lachiwiri lapitali ndili pa makina, ndikusoka mayunifolomu a sukulu ina ya ku Bangwe, anandiimbira bambo wina. Anati ndi wa ku banki, ndipo pali munthu amene akufuna kuba ndalama za shopu, choncho tithandizane kutseka akaunti msanga. Dzina langa ankalidziwa, la shopu lomwe. Atamva kalankhulidwe kanga anafunsa ngati ndine wa ku Ntcheu, nati iye kwawo ndi ku Manjawira. Tinacheza mpaka kuseka. Kenako anati pabwera uthenga wa manambala, ndimuwerengere. Ndinamuwerengera, pang'onopang'ono kuti asaphonye. Anathokoza mwaulemu kwambiri.

Sipanapite nthawi, mauthenga anayamba kulowa motsatizana. Ndalama zapita zonse, za nsalu, za lendi, ndi zomwe asukulu anaperekeratu. Ndinawerenga mauthengawo, ndinaika foni pansi, ndinamaliza kolala yomwe inali pa makina. Sindikudziwa chifukwa chake.

Ku banki mtsikana wa pa kauntala anati iwo saimbira munthu kumufunsa manambala ngati amenewo. Anandipatsa fomu, nati ndidikire, koma ndisayembekezere zambiri. Kupolisi analemba. Cathy, mnzanga amene ndimasoka naye, analira mpaka kutupa maso. Ine misozi sinabwere, mpaka lero. Chakudya ndimadya, koma sindikumva kukoma kwake.

Makina amodzi ndagulitsa kuti ndigule nsalu, ana a eni asatsegulire sukulu opanda zovala. Otsalawo tikusinthana ndi Cathy, wina akusoka wina akudula.

Tsono chomwe ndalembera ndi ichi. Pocheza paja munthuyo anafunsa za kumudzi, ine n'kuyamba kunyadira kuti achimwene anga a Fyson amagulitsa kachewere pa Nsipe, ndipo ogula a ku Blantyre amawalipira kudzera pa foni. Dzina lanu ndinalitchula ndi pakamwa pangapa. Paja amati ukayenda siya phazi, ine ndinasiya mlomo.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangolandira kalatayi, kwerani mupite ku banki pa boma, inu nokha ndi chiphaso chanu, mukasinthe nambala yachinsinsi ndi kuwafotokozera zimenezi. Wina akaimba, ngakhale atanena kuti ndamutuma ndine, musamuwerengere kanthu, ingodulani. Ogula akati atumiza, musakhulupirire uthenga wokha. Yambani mwaona nokha kuti zalowadi, matumba asanakwere galimoto. Muwauzenso alamu, poti foni imatsala ndi iwo inu mukapita kudimba.

Sindikupempha thandizo la ndalama. Mbewu ndi feteleza zikukudikirani, ndikudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Salome, kwa amalume a ku Nzama ndi banja lawo, ndi kwa ana onse. Mwana wanu Chiyembekezo mumuuze kuti diresi lake la gulu la achinyamata kutchalitchi lichedwa pang'ono, koma libwera.

Amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Akafunsa za ine, muziti ndikusoka. Limenelo si bodza.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Ida