Chimbale chimene azakhali anakwecha

Amayi, kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Ulaya, ku Small Heath, tilipo. Mdzukulu wanu Tadala wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe ija. Maungu amene ndinabzala kuseri kwa nyumba achita masamba okhaokha, koma paja munkati wodya nkhwani sanyoza munda.

Nkhani yeniyeni ndi ya chimbale chija chimene kwaya ya amayi a kutchalitchi kwanu inajambula ine ndili mwana. Maliro anu atatha, ena ankalimbirana mipando, ine ndinangopempha chimbalecho, poti kulibenso kwina kumene mawu anu anatsala. Azakhali Nachisale anati adzanditumizira.

Chafika mwezi watha. Azakhali sanafune kuti chinthu chafumbi chikatichititse manyazi ku Ulaya, ndiye anachikwecha ndi mchenga ngati poto. Nditachiika pa galamafoni, singano inkangodumpha, kumveka phokoso ngati mvula pa malata. Ndinakhala pansi, Amayi, ngati uthenga wa maliro wabweranso kachiwiri. Ana anati ndingogula CD. Ndinawafunsa kuti ndi shopu iti pa Stratford Road imene imagulitsa agogo awo.

Ndinapita nacho ku Aston, kwa bambo wina wa ku Jamaica wogulitsa zimbale zakale. Anachitsuka mosamala, n'kuika kandalama pamwamba pa singano kuti ilemere. Zinakanika. Mbali ya nyimbo zaukwati, imene tinkavina pa Khirisimasi, inatheratu.

Kenako anachitembenuza. Kuseriko, kwa nyimbo zamaliro, azakhali sanakukhudze, fumbi lofiira la kwathu linali momwemo. Ineyo ndinali ndisanakuyese n'komwe, chifukwa munkatiletsa, mumvekere nyimbo zamaliro siziimbidwa m'nyumba ya anthu amoyo. Lamulo lanu ndinawoloka nalo nyanja.

Bamboyo za lamulolo sadziwa, anangoika singano. Pa nyimbo yachiwiri, anzanu onse akudikirabe, mawu amodzi anayamba okha, mokweza, molimba mtima, kenako n'kudukiza ndi kachifuwa kamanyazi. Ndinu, Amayi. Ndinaseka mpaka misozi, mwini shopu n'kundipatsa mpando. Zaka zonsezi ife tinkaopa imfa, chikhalirecho inu munkabisa zimenezi.

Ndajambula pa kaseti kuti chimbalecho chipume. Azakhali ndawalembera kuti chinafika bwino, choyera. Ndikukulonjezani kuti alendo sadzaimva nyimbo imeneyi. Koma ine, mundikhululukire, ndimaibwereza m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati