Asewere akwera chibaluni ku Turkey

Achimwene,

Mwana wanga Dalitso wandinyoza. Thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Anapita ku Turkey ndi mkazi wake, natenganso asewere, amayi a mkaziyo. Ine anandisiya muno mu Dubai ndikulera khanda lawo. Akuti sindikanamva zonena za wowaperekeza poti sindinapite kusukulu. Kodi nyumba zogoba m'miyala za kumeneko amaziona ndi Chingerezi? Chibwerereni, asewere sakutseka pakamwa: "Tili m'chibaluni, mapiri onse anali pansi pathu!" Munthu woopa ngakhale kabaza! Ine andipatsa kampango kakumutu basi.

Mulungu akusungeni, moni kwa alamu. Koma inu a Gomani, ndinu malume ake. Muimbireni Dalitso lero: ulendo winawo wokwera ndine. Apo ayi andibweze kumudzi, khandali alere wachibaluniyo.

Ndine mlongo wanu,
Nagama