Nthutumba ya Abusa a ku Switzerland

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Doha dzuwa ndi lomwe lija, nayo korona sikutha.

Ndiyambe ndi za kumudzi. Mlongo wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Chimanga chinadyedwa ndi mbozi, achimwene akuti nkhokwe siifika Disembala. Chiliza chanu sitinamangebe.

Koma chimene chandikhazika pansi ndi china. Munamwalira ndege zitaima, maliro anu ndinaonera pafoni. Mtima unkafuna kuti m'busa akutchuleni dzina ine ndili pomwepo, koma matchalitchi anali otseka.

Abwana amene ndimawayendetsa ndi mzungu wokalamba wa ku Switzerland. Anaphunzira zaubusa, nalalikirako m'katchalitchi ka kumapiri kwawo. Kenako analowa ndale, anakhala nduna, pambuyo pake kazembe woyanjanitsa maiko okangana. Atapuma pantchito, anadzakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Bin Mahmoud, kuno ku Doha. Inu munkati ubusa si jekete yoti munthu n'kuvula, ndiye ndinawapempha kuti adzachititse pemphero lokukumbukirani. Anakana, akuti ndi kale pamene anapemphera pagulu. Ndinachonderera mpaka anavomera.

Anabwera kuchipinda kwathu ku Al Doha Al Jadeeda, komwe timagona mothithikana, alonda ndi madalaivala. Anapemphera mwachidule, masiki ili kukamwa. Dzina lanu analitchula bwino, amayi. Ndinalira.

Atati azipita, ndinaima pakhomo. M'busa achoke pamwambo wa amayi anga osalawa kanthu? Si inu munkatimenya padzanja kuti nthutumba ndi ya mlendo? Ndinawathirira madzi m'manja, ndinawaikira mpunga ndi nkhuku, nthutumba ili pamwamba. Anavula masiki kuti asandichititse manyazi. Anadya pakati pathu, akuseka nafe. Mnzathu wina anali akutsokomola kale, ife tinkati ndi chimfine wamba.

Lero abwanawo ali m'chipatala ndi korona, akupumira makina. Ine anandiyeza, ndilibe kanthu. Mwana wawo sanandikalipire, amangondituma kukasiya zovala pageti la chipatala, ndipo chete wakeyo akundipweteka kuposa mbama.

Anzanga akuti khalasi, basi zatha, lamulo lasintha, masiku ano munthu umasintha ntchito osapempha chilolezo cha bwana, thawa zisanaipe. Ndithawira kuti, amayi? Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu sakubwera. Munthu anakhala pakati pa atsogoleri ankhondo natuluka wamoyo, ndiye adzafere mbale yanga?

Inu muli pafupi ndi Mwini moyo kuposa ine. Mukawaona akubwera, mzungu wamtali woyenda chowerama, musawayalire mphasa. Abwezeni.

Ine ntchito sindisintha. Galimoto yawo ndiziitsuka m'mawa uliwonse, ndipo pano sindichoka mpaka nditamva.

Ndimakukondanibe, amayi.

Mwana wanu,
Fanuwelo