Ndameta mpala atate ali moyo

Lachinayi madzulo, ku Chililalila. Tsiku lopsetsa mtima.

Mawa ndili ndi intavyu ya PhD pakompyuta. Aphunzitsi a kunja aja akufuna kuona ngati pulogalamu yanga yaphunzira kuwerenga ubongo: ine ndiganize zofumbata ndili kuno, dzanja la loboti lifumbate kwawoko. Koma kachisoti ka mawaya kowerengera ubongo kamene ndinabwereka kuyunivesite kamakana kumva kanthu. Vuto tsitsi. Amene anakapanga sanaganizeko za mutu woluka ngati wanga. Ndamasula, ndanyowetsa, osatheka. Masana ndakametetsa mpala.

Pobwera ndapeza azakhali pakhonde. Andiyang'ana kumutu n'kuimirira.

"Iwe Tamala, wametera ndani? Atate ako akupuma m'nyumbamu, iwe wayamba kale kuwalira?"

Ndafotokoza, sanamve. Akuti kwathu munthu amameta maliro akatha, ndipo atate akangofooka adziwa womuloza chala. Anena mokweza, aneba onse akumva.

Ine amene ndakhala ndikuwadyetsa atate chidwalireni sitiroko? Azakhali amangobwera mwa apo ndi apo ndi kaphava ka nthochi. Sanandifunsepo chimene ndinasankhira maphunziro amenewa. Mlongo wawoyo, atate angawa, anaswa miyala mumgodi unyamata wawo wonse, lero akulephera kunyamula kapu ya tiyi.

Kachisoti tsopano kakumva bwinobwino. Ndayesa, dzanja loyeserera la pasikirini lafumbata nthawi yomweyo. Sindikudabwa, chibakera chili m'mutu mwanga chiyambire masana.

Atate akundiitana. Azakhali akhala pakhomo pa chipinda chawo, akuti ndisalowe popanda duku. Ndikulowa chonchi, ndione amene andiletse.